Mwabvi nawonso n'ngwachilengedwe

Pali mawu amodzi amene andifika m'khosi. "N'zachilengedwe." Ndawamva m'basi kuchokera pa Wenela mpaka pa Zalewa. Ndawamva pa wailesi usiku anthu atagona. Ndawaona pa WhatsApp, m'gulu la amayi a mpingo, pansi pa chithunzi cha kabotolo kobiriwira. Wogulitsa amayamba ndi mndandanda wake ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi: inu amene simuona tulo, inu oganizaganiza, inu amene mtima umangothamanga popanda chifukwa, inu okhumudwa, inu oiwalaiwala, ngakhale inu amene muli ndi m'bale wozungulira mutu. Botolo limodzi, matenda onsewo. Wina akalimba mtima n'kufunsa kuti, "Kodi sizipweteka zimenezi?" yankho limatuluka msanga ngati limadikirira pamlomo: "Ayi mayi, n'zachilengedwe izi. Mulibe makemikolo."

Tsono ndikufunseni, bambo wa botolo. Mwabvi umapangidwa kufakitale iti? Si khungwa la mtengo? Udatha anthu angati m'midzi ya makolo athu? Chinangwa chowawa amachiviika masiku angapo m'madzi chifukwa chiyani, ngati chilichonse chomera m'nthaka n'chabwino? Nanga bowa uja amene dzinja lililonse amagoneka mabanja athunthu m'chipatala, adabwera pandege? Mthuthu umene amaphera nsomba padziwe, amagula kusitolo? Mwana woweta mbuzi amadziwa kuti si tsamba lililonse loika m'kamwa. Inu mukufuna akuluakulu aiwale zimene mwana akudziwa, chifukwa choti mwamata pepala lokongola pabotolo.

Ndiulule chimene chikundiwawa. Msuweni wanga adadwala matenda a maganizo zaka zingapo zapitazo. Ankalankhula yekha, osagona, kuthawa anthu amene ife sitinkawaona. Tidapita naye kuchipatala. Adamupatsa mapiritsi ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi, ndipo pang'onopang'ono munthu uja adabwerera. Adayambanso kukonza njinga pamsika, kuseka, kukangana za mpira ngati wina aliyense. Mankhwalawo anali ndi zovuta zake, sindibisa. Ankamugonetsa masana, khosi linkauma, thupi linkalemera. Ndiye kudatulukira wina wa suti, atanyamula kabuku konyezimira, n'kuuza azakhali anga kuti mapiritsi a kuchipatala ndi poizoni, mwana wanu akungofunika kutsuka m'thupi ndi chakudya cha ubongo. Azakhali adagulitsa mbuzi ziwiri. Mapiritsi adathera m'chimbudzi. Patatha miyezi iwiri tidakamutola pamsewu, wopanda nsapato, mapazi ali magazi okhaokha. Foni ya wa suti uja idasiya kupezeka. Mbuzi zidapita, ntchito idapita, ndipo padatha chaka chathunthu kuti munthuyo afikenso pamene anali.

Inu mukamati "sizipweteka", ine ndimaona mapazi amenewo.

Ndikudziwa zimene munene. Muti, "Uyu watumidwa, akunyoza nzeru za makolo." Khalani pansi ndikuuzeni za makolowo. M'chigwa cha Shire alenje ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku nthanga za kombe. Njati yolasidwa ndi muvi wotero sinkapita kutali. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone cha m'ma 1860, adasunga kombeyo m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, kenako adaona kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthanga za kombe zidakafika ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser adazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mmenemo mudatuluka strophanthin, mankhwala a mtima. Chomera chimodzi chomwecho, kugwetsa njati ndi kuthandiza mtima wofooka. Kusiyana kwake kuli pati? Pa muyeso. Alenje aja ankachiopa chomera chawo. Asanadye nyamayo ankadula n'kutaya mnofu wonse wozungulira bala. Palibe mlenje wa ku Chikwawa amene akadakuuzani kuti kombe sapweteka poti n'ngwachilengedwe. Akadakuyesani wopepera.

LA amene mumamwa malungo akakugwirani gwero lake ndi chitsamba cha ku China, Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou adalandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Ngakhale pa matenda a maganizo, mtengo udathandizapo. Mu 1952 akatswiri adatulutsa reserpine m'muzu wa Rauvolfia serpentina, umene asing'anga a ku India ankapatsa anthu odwala misala kwa zaka mazanamazana. Mtengowo ndi m'bale wake wa mwimbi umene umamera m'mphepete mwa mitsinje yathu. Koma atawapima bwino mankhwalawo adapeza kuti amatsitsa kwambiri kuthamanga kwa magazi, ndipo anthu ena ankagwa nawo m'kukhumudwa, choncho atapezeka ena abwinopo adawaika pambali. Kulemekeza mtengo n'kumeneko. Kuuyeza, kuulemba, kuvomera pamene wathandiza, kuvomeranso pamene wavulaza.

Amene akunyoza mtengo si ine. Ndinu. Ndinu amene mukuti ulibe mano. Chinthu chimene chingathe kulowa m'magazi, kukafika mu ubongo, n'kusintha tulo ta munthu ndi maganizo ake, chingathenso kuwononga chiwindi ndi impso zake. Sankhanipo chimodzi, bambo. Ngati botolo lanu lili ndi mphamvu, ndiye kuti lingapweteke, ndipo mukunama mukamati silipweteka. Ngati silingapweteke ngakhale mwana, ndiye kuti ndi madzi a mtundu, ndipo mukuba. Njira yachitatu palibe.

Apa wa suti uja adzuka. Ati, "Zanga si za m'thengo ayi. N'zochokera kunja, ku America. Taonani chidindo." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi mukudziwa lamulo limene limayendetsa mabotolo amenewo kwawoko? Mu 1994 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Dietary Supplement Health and Education Act. Pa lamulo limenelo, mavitamini, zitsamba ndi zina zowonjezera m'thupi sizitengedwa ngati mankhwala. Zimatengedwa ngati gulu la zakudya. Wopanga sakakamizidwa kuonetsa bungwe la FDA umboni woti katundu wake amachiza asanayambe kugulitsa. Boma limabwera pambuyo, anthu atavulala kale. N'chifukwa chake kumbuyo kwa botolo kuli timalemba ting'onoting'ono tonena kuti FDA sidaunike zonenedwazo, ndipo katunduyo sadapangidwe kuti achize kapena kuteteza matenda aliwonse. Tembenuzani botolo lanulo, muwerenge. Mwini wake ku America akudzitchinjiriza kuti sakuchiza, inu pa Lilongwe mukulumbira pamaso pa mayi wamasiye kuti likuchiza misala. Mukudziwa zambiri kuposa amene adalipanga?

Ndipo musaganize kuti chidindo cha kunja sichidapheko anthu. Mu 1989 anthu ambiri ku America ankamwa L-tryptophan, yogulitsidwa popanda kalata ya dokotala kwa osowa tulo ndi okhumudwa. Iyonso ankaitama kuti n'njachilengedwe, poti imapezeka m'zakudya. Mwadzidzidzi kudabuka matenda achilendo a kuphwanya kwa minofu ndi kusokonekera kwa magazi. Anthu oposa 1,500 adadwala, oposa 30 adamwalira, ena adapunduka moyo wawo wonse. Ofufuza adalondola mapazi mpaka pa kampani imodzi ya ku Japan, Showa Denko, imene katundu wake anali ndi zoipa zimene palibe adaziona. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Guelph ku Canada adayeza mitundu pafupifupi 30 ya melatonin, imene anthu amamwa pofuna tulo. Botolo lina linali ndi mlingo woposa kasanu umene udalembedwa papepala, lina losafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. M'mabotolo ena adapezamo serotonin, imene sidatchulidwe n'komwe. Ku Canada kumeneko, kumene kuli malabotale ndi oyendera. Nanga botolo la Fanta lotsekedwa ndi chitsononkho, lokhala padzuwa tsiku lonse pa depoti, muli chiyani? Inu amene mukuligulitsa mukudziwa? Kapu ya lero ikufanana ndi kapu ya mawa?

Muti, "Koma anthu akhala akumwa kuyambira kalekale." Kava nayenso anthu a ku Fiji, Vanuatu ndi Tonga akhala akumwa kuyambira kalekale, muzu wosinja wosungunula m'madzi, pamiyambo yawo. Amalonda atautenga n'kuusandutsa makapisozi a nkhawa ku Ulaya, kudayamba kumveka za anthu owonongeka chiwindi, ena mpaka kufuna chiwindi chatsopano. Mu 2002 Germany ndi Britain adachitapo kanthu kuti makapisoziwo achoke pamsika. Khothi la ku Germany lidasintha chiletsocho mu 2014, ndipo akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa ngoziyo. Koma taonani: kumeneko kuli wowerenga odwala, kuli woletsa, kuli khothi lomva mbali zonse ndi umboni patebulo. Denmark idaletsa ashwagandha mu 2023, yomweyo imene achinyamata athu akuitanitsa pa intaneti kuti ichotse nkhawa. Kuno munthu akatupa mimba, maso n'kuchita chikasu, n'kumwalira, timangoti kudali kudwala, n'kukagula bokosi. Palibe wofunsa za botolo lili kunsi kwa bedi.

Tsopano ndifike pa chitsamba chimene chimandiopsa kuposa zonse, St John's wort. Ndinena chilungamo, pakuti ine sindigulitsa kanthu. Chitsamba chimenechi chidafufuzidwa, ndipo pali umboni woti chimathandiza ena amene kukhumudwa kwawo sikudafike poipitsitsa. Ku Germany madokotala amachilembera odwala. Mwamva? Ndavomera. Koma mphamvu yomweyo ndiyo ngozi yake. Chimachititsa chiwindi kugaya ndi kutaya msanga mankhwala ena amene munthu akumwa. Mu 2000 kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet adaonetsa kuti chimatsitsa mlingo wa indinavir, mankhwala a HIV, ndi kuposa theka m'magazi. Chaka chomwecho madokotala a ku Zurich adalemba za odwala awiri oikidwa mtima watsopano amene matupi awo adayamba kuukana mtimawo atamwa chitsambachi. Ireland idalamula kuti chisagulitsidwenso popanda kalata ya dokotala. Chimafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera koika pamkono. Chikakumana ndi fluoxetine, amene zipatala zimapereka kwa okhumudwa, munthu angathe kutentha thupi, kunjenjemera, kubalalika, mpaka kufa.

Ikani zimenezo pa Malawi. Dziko limene anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi HIV, ambiri a iwo akumwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Kuyambira 2019 ambiri ali pa dolutegravir, ndipo malangizo a mankhwala amenewo amanena poyera kuti asaphatikizidwe ndi St John's wort. Ndani amene nkhawa imamupeza kawirikawiri? Si mayi amene wangouzidwa kumene zotsatira za magazi? Si mnyamata amene akubisa botolo lake la ma ARV m'thumba la chimanga kuti anzake asaone? Ameneyo ndiye kasitomala wanu. Mumamufunsa kuti akumwa chiyani musanamugulitse? Mumadziwa n'komwe kuti muyenera kufunsa? Mapanga awiri avumbwitsa, adatero akuluakulu. Kachilombo kakayambanso kuswana m'magazi mwake n'kupima mankhwala, inu mudzakhala muli m'basi ina, mukuitana mayina ena.

Muti, "Onani maumboni. Anthu akuchira." Tidawamva maumboni mu 1995. Khwimbi la anthu lidakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, malole odzaza, mabasi odzaza, aliyense ndi kapu yake. Obwerera ankati apepukidwa. Edzi idatha? Manda a zaka zimenezo ayankhe. Ndipo matenda a maganizo ndiwo osavuta kunamizira umboni, chifukwa amakwera ndi kutsika okha. Munthu wokhumudwa akamva wina akumulonjeza kuchira, sabata imeneyo amagonadi bwino. Mumamujambula tsiku limenelo. Nanga mwezi wachitatu mumabwereranso ndi kamera? Amene adadzimangirira atasiya mapiritsi ake, umboni wake mumaulengeza pa wailesi iti? Akufa sapereka umboni.

Chimene chimapangitsa malonda amenewa kukhala oipa kuposa ogulitsa sopo wabodza ndi ichi: munthu wodwala maganizo chida chake chodzitetezera ndicho chadwala. Wothyoka mwendo angathe kukana, kufunsa, kuwerengera. Wankhawa amagwira chilichonse chimene wapatsidwa. Wokhumudwa amakhulupirira kale kuti vuto ndi iyeyo, ndiye botolo likalephera sadzakudzudzulani, adzadzida yekha. Banja lake lili ndi manyazi, silifuna mudzi udziwe kuti mwana adapita kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiye botolo lobwera mwakachetechete kunyumba limaoneka ngati chifundo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inu mwapeza phindu m'manyazi amenewo. Mumawathirira ngati dimba.

Koma sindikusiyani nokha pabwalo, bambo wa botolo. Ena aime pambali panu. Tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo mankhwala azitsamba ali m'manja mwake. Lamulo limafuna kuti uthenga wotsatsa mankhwala uyambe waonedwa ndi bungweli usanapite kwa anthu. Tsono amene akulonjeza pa wailesi kuti achiza misala, khunyu, shuga ndi kusabereka ndi muzu umodzi, akudutsa pati? Eni mawailesi, mumalandira ndalama ya nthawi imeneyo ndi dzanja liti, lomwelo limene mumalembera nkhani za achinyamata odzipha? Chenjezo la papepala silikwanira. Lamulo losaluma ndi galu wa pachithunzi. Tikufuna kuona oyendera pa depoti, mabotolo akupita kulabotale, zotsatira zikulengezedwa m'Chichewa, ndipo wonama akuima pamaso pa woweruza.

Zimene ndikupempha si zakumwamba. Botolo lililonse lilembedwe dzina la chomera, mlingo wake, tsiku lopangidwa, ndi dzina ndi malo a wopanga, kuti zikavuta tidziwe khomo logogoda. Lilembedwe chenjezo kwa amayi oyembekezera, kwa omwa ma ARV, kwa omwa mankhwala a khunyu ndi a maganizo. Pakhale nambala imene namwino kapena m'bale wa wodwala angaimbe kuti anene za wovulala. Ndipo aliyense wouza wodwala kuti ataye mapiritsi a kuchipatala ayankhe mlandu. Paketi ya mchere timafuna ikhale ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Mchere! Nanga chinthu cholowa mu ubongo wa mwana wa munthu chidutse chopanda wochifunsa?

Boma nalonso lisabisale kumbuyo kwa wogulitsa. Botolo limalowa pakhomo limene chipatala chasiya pululu. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ungawawerenge ndi zala. Chipatala chachikulu chili ku Zomba, kuwonjezera pa Bwaila ndi St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akafike bwanji? Lamulo loyang'anira odwala maganizo la 1948, la atsamunda, tidakhala nalo zaka zoposa 70. Wodwala akayenda mtunda wautali n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, bwerani mwezi wamawa, pobwerera amadutsa pa depoti. Pamenepo wa botolo amakhala akumudikira, ndipo iye katundu samuthera. Njira zotsika mtengo zilipo. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera anthu oganizaganiza, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa 2016 adaonetsa kuti imathandizadi. Yayesedwanso kuno ku Lilongwe. Imeneyo ndiyo nzeru ya makolo yopimidwa ndi kutsimikizidwa: khutu la gogo, nthawi, ndi njira yotumizira wodwala kwambiri kuchipatala. Bwanji sitikuifalitsa mpaka kumudzi uliwonse?

Kwa asing'anga enieni a kumudzi, amene mumakhala pakati pa anthu anu ndipo maliro a wodwala wanu mumakhala nawo, ndikulankhula nanu mwaulemu. Ambiri odwala maganizo amayamba kufika kwa inu asanaone chipatala. Udindo umenewo ndi waukulu. Mukaona munthu sakugona masiku atatu, akumva mawu, akunena zodzipha, kapena mayi wangobereka kumene akukana mwana wake, mutumizeni msanga. Musamumange unyolo. Musamuuze kuti asiye mapiritsi. Ndipo muyambe ndinu kudzudzula amalonda amene akudetsa dzina lanu, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Kwa inu owerenga, makamaka amene usiku uno simugona: vuto lanu ndi lenileni, ndipo thandizo lilipo. Lungalunga n'pobadwa, matenda amenewa angagwere aliyense, mphunzitsi, m'busa, ngakhale dokotala. Pitani pachipatala cha boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ngati mukumwa kale chitsamba kapena kapisozi wina aliyense, nyamulani botololo mukamuonetse, musaope kukalipiridwa. Ngati mapiritsi akukuvutitsani, kanenani, pakuti mlingo umasinthidwa ndipo mtundu umasinthidwa. Musawasiye mwadzidzidzi. Safunsa adadya phula.

Msuweni wanga ali pamsika lero, sipanala m'manja, akukonza njinga. Jakisoni wake salumpha. Azakhali mpaka pano sadzikhululukira, ngakhale tonse timawauza kuti adachita zimene mayi aliyense wachikondi akadachita atanamizidwa. Wolakwa si iwo. Wolakwa adakwera basi, ndipo mwina mawa akwera imene mwakwera inuyo. Akaimirira n'kutukula botolo lake m'mwamba, mufunseni kuti muli chiyani, adayeza ndani, ndipo zikavuta mukamupeza kuti. Akakuyankhani kuti n'zachilengedwe, mumuuze mokweza kuti basi yonse imve: mwabvi nawonso n'ngwachilengedwe.